Usipa ulowe m'phala la ana a sukulu

Okondedwa Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za chakudya chimene ana athu amalandira kusukulu kuno ku Dedza. Phala la chimanga chosakaniza ndi soya lathandiza kwambiri kuti ana asamajombe, ndipo ndikuyamikira bungwe la Mary's Meals limene linayamba ntchito yake m'dziko muno m'chaka cha 2002. Komabe phalali silipereka mokwanira mafuta otchedwa omega-3, makamaka mtundu wa DHA umene umafunika pakukula kwa ubongo ndi maso a mwana. Soya ali ndi mtundu wina wa mafutawa, koma thupi limasandutsa pang'ono chabe kukhala DHA, choncho chodalirika ndi nsomba zamafuta.

Makapisozi a mafuta a nsomba a m'mafamase mlimi wa kachewere wa ku Bembeke sangawakwanitse, koma usipa tili nawo pafupi, popeza boma lathu la Dedza limakafika kunyanja cha ku Mtakataka. Usipa umadyedwa wathunthu, mutu ndi minga yomwe, motero mwana amapezamonso kashiamu ndi ayironi. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti m'mabanja ambiri nsomba zikapezeka, zambiri zimapita m'mbale ya bambo, mwana n'kumangonyambita msuzi.

Ndikupempha unduna wa zamaphunziro kuti, mogwirizana ndi makomiti a sukulu, uyese kuthira ufa wa usipa wouma bwino m'phala ngakhale kawiri pa sabata. Ufawo uzisinjidwa wochepa nthawi imodzi, chifukwa mafuta ake amawonongeka msanga ukasungidwa pamalo otentha.

Ine kholo lokhudzidwa,
Dedza