Malifita a injini ya tebo asagulidwe poona dzina la pa katoni lokha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu za kachipangizo kakang'ono ka mu injini kamene eni galimoto ambiri sanakaonepo ndi maso, koma kakawonongeka kamatha kupha injini yonse. Ndikunena za malifita okhala ndi kagudumu kunsi kwake ndiponso odalira oyilo pogwira ntchito, amene pa katoni amalembedwa kuti hydraulic roller lifters. Monga makaniko, ndimafunsidwa kawirikawiri kuti malifita odalirika ndi a kampani iti ngati munthu akufuna kuika tebo, chipangizo chopopera mpweya wochuluka mu injini, pa injini yake. Maganizo anga ndi akuti funso limeneli ndi losakwanira, pakuti lifita yabwino imene sikugwirizana ndi kamu (shafuti yozungulira imene imatsegulitsa mavalavu), masipuling'i a mavalavu ndi oyilo imafa msanga mofanana ndi yachinyengo.

Choyamba tidziwe kuti nkhaniyi sikhudza galimoto iliyonse. Galimoto zambiri zimene timaitanitsa ku Japan zili ndi kamu pamwamba, m'mutu mwa injini, ndipo sizigwiritsa ntchito malifita a mtundu umenewu. Ngakhale Land Rover ya injini ya 300Tdi, imene ili ndi tebo komanso timagudumu toyenda pa kamu, mpata wa mavalavu ake umachunidwa ndi manja. Malifita amene ndikunenawa kwawo ndi m'mainjini a ku America okhala ndi kamu m'kati mwa buloko, momwe kamu imakankha lifita, lifita n'kukankha ndodo ya pushrod, ndodoyo n'kukankha roka imene imatsegula valavu. Ford inayamba kuwaika mu Mustang ya malita 5.0 mu 1985, ndipo injini za LS za General Motors, zimene zinatulukira mu Corvette ya 1997, zonse zimabadwa nawo. Kuno kum'mwera kwa Africa injini za LS timazidziwira pa Chevrolet Lumina SS imene inkagulitsidwa ku South Africa kampaniyo isanachokeko mu 2017.

M'kati mwa lifita muli kapisitoni kakang'ono, kasipuling'i ndi kavalavu kotsekera oyilo kuti asabwerere. Oyilo akalowa amadzaza kachipinda ka pansi pa kapisitoniko, ndipo popeza oyilo sapanikizika, lifita imauma ngati chitsulo chimodzi nthawi imene kamu ikuikankha, kenako imadzichuna yokha kuti pasakhale mpata wogogoda. Mpata wa pakati pa kapisitoni ndi thupi la lifita ndi wochepa kwambiri moti kachitsotso kosaoneka ndi maso n'kokwanira kuimitsa zonse. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa lifita yopangidwa mosamala ndi yongofanizira, ndipo kunja kwake zonse zimanyezimira mofanana.

Tebo ikabwera, katundu amene malifita amasenza amakula m'njira imene ambiri saiganizira. Mpweya umene tebo ikupopa umakankha kumsana kwa valavu yolowetsa mpweya, kufuna kuitsegula pamene sipuling'i ikulimbana kuti iitseke. Tiwerengere limodzi: valavu ya mamilimita 50 m'mimba mwake, ikapanikizidwa ndi mpweya wa bar imodzi (bar ndi muyeso wa kupanikiza kwa mpweya), imalandira mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 20, ndipo mphamvu imeneyi imachotsedwa pa ya sipuling'i. Kumbali ya utsi nakonso, mpweya wotsekerezedwa ndi tebo umakankha valavu chimodzimodzi. N'chifukwa chake omanga injini zotere amaika masipuling'i olimba. Koma sipuling'i yolimba imafinya lifita kwambiri, ndipo lifita yofooka imataya oyilo wake n'kuphwa, valavu osatseguka mokwanira, injini n'kumalira matapeti. Mukasiya masipuling'i ofewa, vuto limatembenuka: injini ikathamanga kwambiri valavu imadumpha, lifita imadzaza oyilo wopitirira muyeso poyesa kutseka mpatawo, valavu n'kukhala yosatsekeka bwino, ndipo mphamvu zimatha pomwe mwini galimoto amayembekezera kuti ziwonjezeke. Nthawi zambiri mlandu umagwera lifita, pamene wolakwa ndi amene anasankha masipuling'i.

Pa za kugula, mayina odziwika alipo ndithu. Johnson, Morel, Comp Cams ndi Isky ndi ena mwa amene omanga injini ku America amawatchula, ndipo malifita a General Motors otchedwa LS7 amagwiritsidwa ntchito ndi anthu ochuluka pa injini zosasinthidwa kwambiri. Kutchuka komweko ndi kumene kwachititsa kuti pa intaneti padzaze katundu wolembedwa LS7 amene sanatuluke m'fakitale ya eni dzinalo. Malifita 16, okwanira injini imodzi ya masilinda asanu ndi atatu, akamagulitsidwa pa mtengo umene kwa wogulitsa wovomerezeka sungakwane ngakhale theka lake, munthu ayenera kudzifunsa kuti wapanga ndani. Ndikudziwa kuti ndalama zakunja zikuvuta ndipo msonkho wa pa chipata ndi wowawa, koma tsoka la lifita yachinyengo silithera pa lifitayo. Kagudumu kake kamazungulira pa timasingano tachitsulo ta beyaring'i, ndipo tikasweka timamwazikira mu oyilo, kagudumu kamaima n'kuyamba kupala kamu, zitsulo zoperesekazo n'kukafika ku mabeyaring'i a kulankishafuti ndi a tebo yomwe. Pa injini ya LS, kuti mufike pa malifita muyenera kuchotsa mitu yonse iwiri, choncho ntchito yobwereza imadya magasiketi ndi mabauti atsopano.

Wogula afunse zinthu zimene wogulitsa woona sangavutike kuyankha: nambala ya chipangizo, dzina la amene anachipanga, kulimba kwa sipuling'i kumene lifitayo ingapirire, ndi kutalika kwa ulendo wa kapisitoni ka m'kati. Kukula kwa thupi la lifita nakonso kumasiyana, pakuti ya Chevrolet ndi mainchi 0.842, ya Ford 0.875, ya injini zakale za Chrysler 0.904. Katundu akafika, makaniko asathamangire kumanga. Azungulitse kagudumu kalikonse ndi chala kuti amve ngati kakukhulana kapena kugwedera cham'mbali, ayeze thupi la lifita ndi maikulomita, chipangizo choyezera kunenepa kwa chitsulo, ndiponso ayeze mabowo a m'buloko, chifukwa bowo lakutha limataya oyilo lifita isanamwe.

Palinso za chimene chimagwira lifita kuti isatembenuke, popeza kagudumu kakangoyang'ana cham'mbali kamu yatha. Injini za LS zili ndi timathireyi tapulasitiki togwira malifita anayi kalikonse, ndipo n'kulakwa kubwezeramo takale pomanga malifita atsopano, chonsecho mtengo wake ndi wochepa. Injini zakale zimene sizinabadwe ndi malifita a magudumu, monga ya Buick Grand National ya malita 3.8 imene inali ndi tebo kuchokera kufakitale, zimafuna malifita omangirizidwa awiriawiri ndi kachitsulo, kamu yopangidwira magudumu, chotchinga kuti kamu isayende chakutsogolo, ndi ma pushrod aafupi chifukwa malifitawa ndi ataliatali. Injini za General Motors ndi za Hemi za Chrysler zimene zimazimitsa masilinda anayi pofuna kusunga mafuta zili ndi malifita apadera amene sanapangidwire kamu yokwera kwambiri, ndipo kuwachotsa kumafuna kusinthanso kamu ndi pulogalamu ya kompyuta ya injini.

Utali wa pushrod uyezedwe pa injini yeniyeniyo, osati kungokhulupirira kuti zakale zikwana, makamaka ngati mutu unapalidwa kapena gasiketi yasintha kunenepa. Kapisitoni ka m'lifita kayenera kukankhidwa pang'ono valavu itatsekeka, pa muyeso umene wopanga analemba, ndipo kusiyana kosakwana milimita imodzi kumasintha kalilidwe ka injini. Oyilo naye akhale wa kulemera kumene wopanga malifita akulangiza. Chizolowezi chathu chothira oyilo wokhuthala kuti phokoso lizime chimangobisa matenda, ndipo m'mawa kukazizira oyilo wotereyo amachedwa kufika m'malifita. Popeza tebo imawotcha oyilo kuposa injini wamba, asinthidwe msanga pamodzi ndi fyuluta yake.

Pempho langa likupita kwa amene amaitanitsa masipeyala kuchokera ku Johannesburg, ku Dubai ndi ku America: lembani pa lisiti dzina la wopanga ndi nambala ya chipangizo, ndipo sungani umboni wa kumene munachigula, kuti makaniko ndi mwini galimoto akhale ndi pogwira katundu akapezeka wolakwika. Ngati mukugulitsa wongofanizira, nenani poyera kuti ndi wongofanizira, wogula asankhe yekha akudziwa.

Ine wanu,
Makaniko,
Blantyre