Ogula maseva asaiwale timakompyuta toyang'anira makinawo

A Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri angaione ngati ya akatswiri a makompyuta okha, chonsecho imakhudza aliyense amene anaimapo pamzere ku banki kapena ku ofesi n'kuuzidwa kuti netiweki yagwa. Ndakhala ndikusamalira maseva, makompyuta amphamvu amene amasunga deta ndi mapulogalamu a mabungwe, kwa zaka zingapo, ndipo chimene chandidandaulitsa ndi kagulidwe ka makinawa. M'zikalata zoitanira ogulitsa, mabungwe athu amalemba mosamala za mphamvu ya purosesa, kukula kwa memory ndi malo osungira deta, koma kawirikawiri satchulamo kanthu za tizipangizo timene timayang'anira zonsezo.

Mkati mwa seva muli kakompyuta kakang'ono kotchedwa BMC, kamene kamakhala koyaka ngakhale seva yeniyeniyo itazimitsidwa, bola chingwe cha magetsi chikhale cholumikizidwa. Kamayeza kutentha, kamalemba zovuta zonse zimene zachitika, ndiponso kamalola munthu amene ali kutali kuyatsa makinawo, kuwazimitsa, kapena kuona zimene zili pa sikirini ngati kuti waima pomwepo. A Dell amakatchula kuti iDRAC, a HPE amati iLO. Seva ikakhala payokha, kakompyutaka kamalamulira mafani ake ndi magetsi ake popanda wotsutsana naye.

Zinthu zimasintha maseva angapo akaikidwa m'bokosi limodzi, monga mmene zilili ndi HPE BladeSystem c7000, imene imanyamula maseva okwana 16 ogawana mafani 10 ndi zopatsira magetsi 6, kapena Dell PowerEdge M1000e, imenenso imanyamula 16. Apa seva iliyonse ili ndi BMC yake, koma mphepo yoziziritsa ndi magetsi ndi za onse. Seva imodzi ikatentha chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito pamene zinzake zili phee, payenera kukhala wina woweruza kuti mafani azungulire mwamphamvu bwanji, ndipo chopatsira magetsi chimodzi chikafa, payenera kukhala wina wonena kuti ndi seva iti ichepetse liwiro kuti zonse zisazime. Woweruzayo ndi kakompyuta kena koyang'anira bokosi lonse, kamene mu c7000 kamatchedwa Onboard Administrator ndipo mu M1000e kamatchedwa CMC. Ife pantchito timangoti kapitawo. Mu c7000, seva siyaka yokha ayi: iLO yake imayamba yapempha gawo la magetsi kwa kapitawoyo, ndipo akaona kuti magetsi otsala ndi osakwanira amaikaniza.

Kuno kwathu, kumene magetsi amazima pafupipafupi, mgwirizano umenewu si nkhani yongokometsera. Magetsi akabwera, kapena jenereta ikayamba kulira, maseva onse akadzuka nthawi imodzi amakoka mphamvu yochuluka mwadzidzidzi, ndipo choipa kwambiri n'chakuti maseva amene amasunga mapulogalamu amatha kudzuka zipangizo zosungira deta zisanakonzeke, n'kukakamira pomwepo kudikira munthu. Kapitawo ali ndi malo olembamo ndondomeko ya chimene chiyambe kuyaka ndi mphindi zoti chotsatira chidikire. Ndaona malo ambiri amene ndondomekoyi sinalembedwe n'komwe kuyambira tsiku limene makinawo anatulutsidwa m'makatoni.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira pamalo ena amene ndinagwirapo ntchito, amene sindiwatchula. Seva imodzi itawonongeka, tinaikamo yatsopano imene inabwera ndi firmware (pulogalamu ya mkati yoyendetsa chipangizo) ya posachedwa, pamene kapitawo wa bokosilo anali ndi firmware yakale imene palibe anaikhudzapo. Awiriwo sanamvane bwino, ndipo poti kapitawo sankalandira bwino uthenga wa kutentha kwa seva yatsopanoyo, anakweza mafani onse mpaka pamapeto, phokoso lake lomveka kukhonde. Pofufuza, tinapeza chinanso: BMC iliyonse inali ndi nthawi yakeyake chifukwa palibe imene inalumikizidwa ku NTP, njira yofananitsira mawotchi a makompyuta pa netiweki, kotero kuti zolembedwa zake sizinkatheka kuziika m'ndondomeko kuti tidziwe chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Ntchito ya maola ochepa inatitengera masiku. Tinazindikiranso kuti kapitawo wachiwiri, amene amayenera kulowa m'malo woyamba akafa, anali ndi firmware yosiyana ndi ya mnzake, ndipo opanga makinawa amanena momveka kuti awiriwo ayenera kufanana kuti kulandizana ntchitoko kudalirike. Bungwelo linalipira ndalama za akapitawo awiri, koma kwenikweni linali ndi mmodzi.

Palinso nkhani ya chitetezo. Chiyankhulo chakale cha timakompyutati, IPMI, chinatulutsidwa mu 1998 ndi makampani a Intel, HP, NEC ndi Dell, ndipo IPMI 2.0 inabwera mu 2004. Mu 2013 wofufuza wina, Dan Farmer, anaonetsa poyera kufooka kwake, kuphatikizapo kuti IPMI 2.0 imapereka pasiwedi yobisidwa kwa aliyense amene waifunsa ndi dzina loyenera, ndipo wofunsayo akhoza kukaimasula mwakachetechete kwawo. Kwa zaka zambiri makina a Dell ankabwera ndi dzina la root ndi pasiwedi ya calvin, pamene a Supermicro ankabwera ndi ADMIN pa zonse ziwiri, mpaka lamulo la ku California limene linayamba kugwira ntchito mu January 2020 linakakamiza opanga kupereka pasiwedi yosiyana pa chipangizo chilichonse kapena kuchititsa wogula kuika yakeyake poyamba kuchigwiritsa ntchito. Makina ambiri amene timagula ogwiritsidwapo kale ntchito ndi a nthawi imeneyo lamuloli lisanabwere. M'bokosi la maseva 16, wolowa mwa kapitawo wagwira onse 16, n'chifukwa chake timakompyutati tiyenera kukhala pa netiweki yakeyake imene sifikika kuchokera pa intaneti kapena pa makompyuta a m'maofesi.

Njira yowongolera zinthu ilipo kale. Mu 2015 bungwe la DMTF, loika miyezo yoyendetsera makompyuta, linatulutsa chiyankhulo chatsopano cha Redfish, imene imadutsa pa HTTPS, njira yotetezedwa ya masamba a pa intaneti, ndipo imalola pulogalamu imodzi kufunsa bokosi lonse, seva iliyonse ndi BMC iliyonse mofanana, ngakhale makinawo akhale a makampani osiyana. Ndi Redfish munthu mmodzi akhoza kuona firmware ya maseva onse pakamodzi m'malo molowa mu imodziimodzi.

Pempho langa kwa akuluakulu oona zogula katundu m'maunduna, m'mabanki ndi m'masukulu aukachenjede ndi lakuti zikalata zoitanira ogulitsa zizinena mwachindunji kuti bokosi libwere ndi akapitawo awiri, kuti BMC iliyonse izimva Redfish, ndiponso kuti wogulitsa alembe zaka zimene adzapitirize kupereka firmware. Zizitchulanso ziphaso zogwiritsira ntchito, chifukwa kuona sikirini ya seva uli kutali pa maseva ambiri kumafuna chiphaso cha iDRAC Enterprise kapena iLO Advanced, ndipo wogulitsa wofuna kuoneka wotchipa amachisiya dala, bungwe n'kudzazindikira tsiku limene katswiri wake ali ku Mzuzu ndipo seva yakakamira ku Blantyre. Pomaliza, ndalama zisaperekedwe makinawo asanayesedwe pamaso pa ogula: azule kapitawo woyamba aone ngati wachiwiri walowa m'malo, achotse chopatsira magetsi chimodzi aone mmene maseva agawanira mphamvu yotsalayo, kenako azimitse magetsi onse ndi kuwayatsanso, aone ngati bokosilo ladzuka lokha m'ndondomeko yake popanda munthu kugwira batani.

Ine wanu,
Wosamalira maseva,
Lilongwe