Mfuti za nyesi zija tisamati sizipha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mfuti za magetsi zija amati Taser, poti masiku ano kavidiyo kakangotuluka pa Facebook kowonetsa wapolisi wa ku America akugwetsa munthu ndi nyesi, anthu amathamangira kulemba kuti eee izi ndiye zabwino, sizipha. Mawu oti sizipha amenewa ndi amene sakundikhala bwino ine.

Kamfutika kamaponya tizitsulo tiwiri tangati mbedza tomangirira ku timawaya, tikakola pathupi magetsi amayenda masekondi 5, minofu yonse kuuma gwa, munthu nkugwa ngati thumba la chimanga osatha olo kutchinjiriza mutu. Ena amavulalira pa kugwapo basi.

Sindikukana ayi, kafukufuku woziikira kumbuyo alipo. Mu 2009 dokotala William Bozeman wa ku yunivesite ya Wake Forest ku America anaunika anthu 1,201 omwe apolisi anawathira nyesi, ndipo oposa 99 mwa 100 aliwonse sanavulale kapena anangovulala pang'ono. Tikayerekeza ndi chipolopolo ndiye palibenso zokangana.

Koma tamvani izi. Mu 2011 madokotala a University of California ku San Francisco anasonkhanitsa malipoti 50 a kafukufuku wa zida zimenezi nkufunsa funso limodzi, ndalama anapereka ndani? Mwa malipoti omwe analipiridwa ndi kampani yopanga Taser kapena kulembedwa ndi anthu ogwirizana nayo, 96 mwa 100 anati chidachi sichoopsa kwenikweni, pomwe kwa oima paokha anali 55 okha. Nanga wogulitsa tomato anganene kuti tomato wake ndi wowola?

Chinanso, oyeserera mu labu nthawi zambiri amakhala anthu ojijirika, apolisi odzipereka okha, amawathira kumsana anzawo atawagwira mikono uku ndi uku, pansi atayala matiresi, kamodzi kokha basi kenako kuseka. Pamsewu sizikhala choncho, amene akuthiridwa nyesiyo ndi munthu woti wathamanga mtima uli phaphapha, mwina waledzera, mwina mutu sukuyenda bwino, mwina ali ndi nthenda ya mtima yoti mwini wake sakuidziwa nkomwe, ndipo wapolisi nayenso ali ndi mantha ndiye chala chimangopanikiza kawiri katatu.

Katswiri wa za mtima Douglas Zipes wa ku Indiana analemba mu magazini ya madokotala ya Circulation mu 2012 za anthu 8 omwe anakomoka atathiridwa nyesi cha pachifuwa, 7 anamwalira, ndipo iye anati magetsiwo angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kuima. Chilungamo chake bamboyu amalipidwanso ngati mboni m'milandu yosumira kampani yopanga Taser, ndiye naye tizimumvera tikudziwa zimenezo. Komatu kampani yomweyo inali italangiza kale apolisi mu 2009 kuti azipewa kulunjika pachifuwa. Chinthu chosapha nkuchitanso kupewa pachifuwa?

Atolankhani a bungwe lofalitsa nkhani la Reuters nawo mu 2017 anawerenga anthu oposa 1,000 omwe anamwalira ku America atathiridwa Taser ndi apolisi. Si onse anafa ndi magetsi, zoona, koma pa mitembo 153 madokotala oyeza analemba kuti Taser ndiyo inapha kapena inathandizira.

Okonda mpira wa ku England mukumukumbuka Dalian Atkinson wa Aston Villa uja. Anamwalira ku Telford mu 2016, munthu woti amadwala kale impso ndi mtima, wapolisi atamuthira nyesi komanso kumuponda m'mutu, ndipo mu 2021 khothi linagamula wapolisiyo, Benjamin Monk, kukaseweza zaka 8. Akafukufuku a boma la America anali atachenjeza kale mu 2011 kuti kupyola masekondi 15 ndi kuika moyo pachiswe. Monk anapanikiza kwa masekondi 33. Tawerengani nokha a Mkonzi kuyambira 1 mpaka 33 muone kutalika kwake.

Ndine wowerenga wanu,
ku Zingwangwa, Blantyre