Chilengezo: Loweruka tikuyesa Alice chess

Mamembala nonse, Loweruka lino tisintheko pang'ono, tisewera Alice chess, ija anayambitsa V. R. Parton mu 1953. Amene muli ndi bodi bwerani nayo chonde chifukwa gemu imodzi imafuna mabodi awiri. Mapisi onse amayambira pa bodi yoyamba, inayo imakhala mbee. Mukasuntha pisi, kaya mwadya kaya ayi, imadumphira pa bodi inayo pa kabokosi kofanana, koma kakhale kopanda kanthu, apo ayi muvu imeneyo siyololedwa. Kudya ndi pa bodi yomwe pisi yanyamukira basi. Pomwe ambiri mudzasokonekere ndi pa cheki (mfumu ikaopsezedwa), pisi yotchinga mfumuyo iyenera kuchokera ku bodi inayo, ndiye mfumu yanu muziyiyang'ana mbali zonse ziwiri.