Ophunzira uphunzitsi asanyozedwe pamaso pa ana

Akonzi,

Ndikulemba kalatayi ndili wokwiya ndi mawu amene mlendo wolemekezeka analankhula Lachisanu lapitali pa msonkhano wa makolo pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Kasenengwa. Ana ali pomwepo, bamboyo analoza atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi amene abwera kuchokera ku koleji kudzaphunzitsa moyeserera, n'kunena kuti achinyamata a masiku ano amalowa uphunzitsi akakanidwa ku unamwino ndi ku yunivesite, ndipo chimene amatsata ndi malipiro a boma basi. Ena anaseka. Mmodzi mwa atsikanawo ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo Lolemba anayenera kukaimanso kutsogolo kwa ana omwewo amene anamva akunyozedwa.

Mwana wa mlongo wangayu anakhoza bwino Giredi 12, ndipo uphunzitsi anausankha yekha chifukwa cha mayi wina amene anamuphunzitsa kuwerenga pansi pa mtengo wa mango ali Giredi 2. Mnyamata uja anandiuza kuti anasankha ntchitoyi chifukwa koleji ili pafupi, ku Chipata, kotero makolo ake angathe kumulipirira ndi ndalama za mtedza ndi soya popanda kugulitsa ng'ombe. Koma tiyerekeze kuti onse atatu akutsatadi malipiro ndi penshoni: kodi pamenepo pali mlandu? Kapena mlendo wathuyo, amene anafika pa galimoto yonyezimira n'kudya nkhuku yathu, ntchito yake amaigwira mwaulere, ndipo ana ake kunyumba amadyera nsima mawu oti zikomo? Ndikufuna kumukumbutsanso kuti Dr Kenneth Kaunda anali mphunzitsi asanakhale mtsogoleri woyamba wa dziko lino. Mwina naye anakanidwa ku unamwino, bamboyo atiuze.

Munthu wofuna ndalama za msanga sangathere zaka zitatu pa dipuloma imene siimulonjeza ntchito. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496, koma amene anapempha ntchitoyo anaposa 100,000, ndipo ena mwa otsalawo timawaona akugulitsa salaula pa msika wa Kapata, satifiketi ya Teaching Council of Zambia, bungwe lolembetsa aphunzitsi, ili m'sutikesi. Chiyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022, makalasi adzaza mpaka ana ena amakhala pansi, ndipo ku sukulu zakumidzi mphunzitsi watsopano amafika n'kupeza kuti nyumba kulibe, achite lendi kanyumba ka udzu kutali ndi mjigo. Ife makolo timadandaula kuti aphunzitsi ndi ochepa, koma mwana akati akufuna uphunzitsi, ndife oyamba kumufunsa kuti bwanji osaganiza za udokotala.

Lamulo la 2013 lokhudza ntchito ya uphunzitsi linaika ntchitoyi pa mlingo wa ntchito zaukatswiri, zofuna kulembetsa ndiponso laisensi, choncho munthu woitanidwa ku sukulu ayenera kulilemekeza. Ndikupempha akomiti a makolo kuti aziyamba afunsa zimene mlendo adzanene asanamupatse mpando wakutsogolo, ndipo pa msonkhano wotsatira ophunzira atatu aja apatsidwe mphindi zisanu kuti afotokoze okha chimene anasankhira choko. Bambo aja akhoza kubweranso, koma adzakhale kumbuyo ndi kumvetsera.

Malume wokhumudwa,
Kasenengwa