Aloleni ana amalize sewero lawo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule. Mwezi watha ana a pasukulu ina kuno ku Nkhotakota anakonza sewero la mtsikana wogwiriridwa ndi amalume ake. Makolo ena analiimitsa lili pakati, ati n'zolaula. Mwana amene anasewera mbali ya mtsikanayo anachoka pabwalo akulira, atadziphimba chitenje kumaso.

Chikundiwawa n'chakuti madzulo omwewo ana athu anadzaza m'nyumba ya vidiyo pamsika, kuonera filimu yakunja ya anthu owomberana magazi ali chuchuchu, koma palibe kholo linatsegula pakamwa. Kumene amapanga mafilimuwa, nkhani za nkhanza za m'banja amazionetsa poyera, amangolemba msinkhu wa woyenera kuonera. Ife magazi a mlendo satidetsa nkhawa, chimene timaopa ndi kutchula za m'nyumba mwathu.

Komatu agogo athu sankatibisira zoopsa. Usiku pamoto ankatisimbira za fisi wodzisandutsa mnyamata, n'kukwatira namwali kuti akamudye, ife n'kumavomera “tili tonse” uku tikunjenjemera. Ngakhale za akapolo amene Jumbe ankawolotsa panyanja pano ankatiuza osachotsera.

Ndikupempha mafumu ndi makolo kuti anawa abwerere pabwalo, tidzalionere seweroli mpaka kumapeto.

Kholo lokhudzidwa,
Nkhotakota