Odandaula za Flames ndife amene tatsala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mawu amene amamveka m'mawayilesi ndi pa Facebook timu ya Flames ikangogonja, oti Amalawife sitikonda dziko lathu, timangodziwa kunyoza anyamata athu kwinaku tikufera matimu a ku England. Mwa onyozawo ine ndilimo, sindikana. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina kuno ku Chinamwali, ndipo pakhondepo Lolemba lililonse pamakhala bwalo la milandu ya mpira. Akabaza, ogulitsa tchipisi, aphunzitsi opuma ntchito, onse amafika kudzapereka umboni. Mawu oti "ine za Flames ndasiya" ndawalankhula pamenepo kambirimbiri. Mayi akunyumba akawamva amangoti, "Chabwino bambo, ndiye mabatire a wayilesi aja ndiike mu tochi?" Ine n'kuti ayi, asiyeni kaye.

Matendawa ndinawatenga kwa malemu bambo anga mu 1978, ndili mwana wa sitandade 4 ku Domasi. Chaka chimenecho Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa konkuno kwathu itagonjetsa Zambia 3-2. Wayilesi m'mudzi mwathu inali imodzi, ya bambo, ndipo ankaiika pa mtondo wovundikira pansi pa mtengo wa mango, amuna atazungulira, ife ana tili kumbuyo. Kinnah Phiri sindinamuonepo ndi maso akusewera, koma ndinkamudziwa kuposa amalume anga ena. Chaka chotsatira chikho chija tinakachitetezanso ku Kenya. Mu 1984 tinapita ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, mu 1987 tinabwera ndi mendulo ya bulonzi kuchokera ku All Africa Games ku Nairobi, mu 1988 chikho cha East and Central chinabwereranso kwathu. Mayina a Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi Ernest Mtawali tinkalimbirana pa mpira wa chikulunga, mpaka nkhonya. Munthu amene anakula akudya nsima yotero, lero mukampatsa gaga n'kumuuza kuti aombe m'manja, musadabwe akakwinya nkhope.

Kuchoka mu 1984 tinadikira zaka 26 kuti tikaonekenso ku Africa Cup of Nations. Ana anabadwa, kukula, kukwatira, osaionako Malawi kumeneko. Ndiye tsiku lija la pa 11 January 2010 ku Luanda, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda atamwetsa Algeria zigoli zitatu kwa duu, Algeria yomwe inali ndi tikiti ya World Cup m'thumba, ndinasiya diresi la mwini wake lili pa makina n'kuthamangira kumsewu tepi ili m'khosi. Magalimoto a ku Liwonde ankadutsa akuliza mahutala, azimayi a tomato akuvina. Patangopita masiku ochepa Angola inatichinya 2-0, Mali 3-1, anyamata n'kubwerako. Umu ndi mmene Flames imachitira nafe. Imakukweza pamwamba pa phiri la Zomba, ukamati uone bwino Chilwa, yakukankha.

Koma usiku umene sindidzauiwala ndi wa pa 25 January 2022, pamene Flames inakumana ndi Morocco mu Africa Cup of Nations. Namondwe wa Ana anali atangowononga ku Kapichira, magetsi kulibe, matope ali thoo, ku Chikwawa ndi ku Nsanje anthu ali m'misasa. Ife tinasonkherana ya petulo wa jenereta n'kudzazana m'kavidiyo sho kena kuseri kwa msika, mabenchi onyowa, fungo la majuzi osauma. Tinali titagonjetsa kale Zimbabwe 2-1 ndi zigoli za Gabadinho Mhango, titalepherananso ndi Senegal 0-0, tsiku lija oyimbira anatipatsa penate kenako n'kukailanda atakaonera pa VAR. Nkhani ya penate imeneyo pakhonde panga sinathebe mpaka lero. Tsono pa mphindi ya 7 Gabadinho anaona goloboyi wa Morocco atasuntha pagolo, n'kuumenya ali kutali kwenikweni. Mpira uli m'malere m'chipindamo munali zii, kumangomveka jenereta. Utalowa, benchi yathu inathyoka. Mkulu wina amene tinali tisakulankhulana chaka chathunthu chifukwa cha ngongole ya suti anandikumbatira akulira. En-Nesyri anabweza chigawo choyamba chikutha, Hakimi n'kudzatimaliza ndi filikiki. Tinatuluka mumdima titagonja 2-1, koma panalibe wotukwana. Senegal ija ndi imene inatenga chikhocho, ndipo Morocco chaka chomwecho inakafika mu semifainolo ya World Cup ku Qatar.

Ndafotokoza zonsezi kuti amene amatinena aone kuti sitifuna zambiri. Tsiku limenelo tinagonja koma tinagona mitima ili m'malo, chifukwa anyamata anafera pabwalo. Chimene chimatiwawa ndi kugonja kwa ulesi, kugonja pakhomo, monga zinachitikira mu 2024 pamene Burundi inabwera ku Lilongwe n'kutichinya 3-2. Ndiye pamayamba masamu aja: tikapambana awiri otsalawa, uje akagonja, winayo akalepherana, tidutsa. Pakhonde panga pali mphunzitsi wina wopuma amene amalemba masamu amenewa kuseri kwa katoni ya sopo. Sanayambe atulukapo bwino, koma chaka chilichonse amapempha choko changa chodulira nsalu.

Pali chinthu china chimene ndimachiona pa ntchito yangayi. Sabata iliyonse anyamata amabwera ndi majezi a pakaunjika kuti ndiwabwezere: Arsenal, Chelsea, Manchester United, Liverpool, ena a matimu oti ngakhale mwini jeziyo sadziwa kuti ali dziko liti. Pa zaka zonse ndakhala pa makinawa, majezi a Flames amene ndawagwira sakukwana zala za dzanja limodzi. Sindiwaimba mlandu anyamatawa. Ya Arsenal aipeza pa mulu ndi ndalama ya ganyu wa tsiku limodzi, pamene ya Flames yeniyeni ndi ya m'masitolo a m'mizinda ikuluikulu, mtengo wake wa anthu a pa malipiro. Arsenal amaionera Loweruka lililonse pa vidiyo sho, amaibetcha pa foni, amadziwa ndi amene wavulala bondo. Flames amaiona liti?

Kale masewero akakhala pa Kamuzu Stadium tinkadzuka m'mamawa, kukwera minibasi, pofika 10 koloko tili pa mzere ku Chichiri, madzulo tabwerera. Ndi mmene ndinaonera Chiukepo Msowoya akugoletsa chigoli chimene chinagwetsa Egypt mu 2008, komanso Didier Drogba akuchita kuchokera pa benchi kudzapulumutsa Ivory Coast kuti ithere 1-1 mu 2009. Lero masewero ali ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera kuno, kudutsa Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza. Thiransipoti, tikiti, chakudya, pogona: telala ngati ine ndiye kuti ndasoka mayunifomu a sukulu mwezi wathunthu. Mu 2021 zinafika poti masewero athu "a pakhomo" a World Cup tinkakasewerera ku Orlando Stadium ku Johannesburg chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe. Kuno ku Zomba nako, zaka zonse zimene bwalo la Community lakhala pa ntchito yomanga, ngakhale Red Lions yathu tinkangoimvera pa wayilesi ikusewerera kwina. Mwana wa ku Matawale kapena ku Sadzi akaukonde bwanji mpira wa kwawo umene sanauonepo?

Nafenso ochemerera tili ndi zathu zoipa, ndisabise. Mndandanda wa osewera ukangotuluka, chimene timayamba kuwerenga ndi chakuti a Bullets alimo angati, a Wanderers angati, a Silver angati. Wa Noma (Wanderers) amakhala akudikira kuti wa Maule (Bullets) aphonye kuti apeze chonena Lolemba, wa Maule chimodzimodzi. Ndinamuonapo munthu wamkulu ndithu, wa imvi, akuseka mnyamata wathu ataphonya penate atavala malaya a dziko, chifukwa choti ndi wa timu imene iye amadana nayo. Zimenezo ndiye zochititsa manyazi, ndipo akatinena pa zimenezo ndilibe poyankha. Komanso anyamatawa tisamawaiwale kuti ndi ana a anthu. Ambiri anakulira pa mabwalo a fumbi, opanda nsapato, osadziwa kochi weniweni mpaka atamera ndevu, kenako tikufuna akamuletse Sadio Mané. Timati m'mera mpoyamba, koma mpira wa m'masukulu umene unkatulutsa akatswiri aja tinausiya ukufa tikuona. Ndili mwana, sukulu ikamasewera ndi sukulu inzake mudzi wonse unkakhala pa bwalo.

Nanga za makochi? Chichokereni Kinnah Phiri mu 2013 tawaona a Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny van Geneugden, Meke Mwase, Mario Marinica, Patrick Mabedi, Kalisto Pasuwa, ndipo ena ndawadumpha. Pa ntchito yanga, suti ikadulidwa ndi telala wina, manja n'kusoka wina, kolala wina, mabatani wina, mwini wake akaivala anthu amaseka, ndipo sungadziwe woti umufunse. Aliyense wobwera amati tikumanga timu, tipatseni nthawi. Ife takhala tikupereka nthawiyo kuyambira tili anyamata, pano tikuyendera ndodo.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mdzukulu wanga wa zaka 11. Tsiku lina akundithandiza kutola zidutswa za nsalu ndinamuuza kuti anditchulire osewera a Manchester City. Anawalakatula onse ngati ndakatulo ya pa asembule, ndi a pa benchi omwe. Nditati nanga a Flames, anati "Gabadinho," n'kukhala chete, kenako "Temwa." Pakhonde ponse anthu anafa nacho chiseko, koma ine chinandilasa. Mwanayu Flames samainyoza. Ikagonja sadandaula, nsima amadya bwinobwino, sadziwa n'komwe kuti inasewera. A Mkonzi, amene akutinena ife okalipa akulimbana ndi anthu olakwika. Ife tikukalipa chifukwa chibale ndi fupa. Woopsa ndi mwana wacheteyu, ndipo ali ambiri.

Komatu yankho lake lija lili ndi phunziro lake. Temwa Chawinga amamudziwa chifukwa Scorchers, timu ya dziko ya atsikana, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1, chifukwa Temwayo anakagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa wosewera woposa onse, chifukwa mkulu wake Tabitha wasewera ku Inter, ku PSG ndi ku Lyon. Palibe anachita kumulalikira mwanayu za kukonda dziko. Anangoona Mmalawi akuchita bwino, basi mtima unapita wokha. Amuna omwe aja ankati mpira wa atsikana ndi masanje, lero amafunsa kuti Scorchers isewera liti.

Pempho langa kwa akuluakulu oyendetsa mpira ndi laling'ono. Timu ikamakonzekera masewero, tsiku limodzi ibwereko kuno, idzachite ngakhale zokonzekera zokha pa bwalo la ku Chirunga kapena ku Cobbe Barracks, ana a sukulu adzaone anyamatawa ndi maso, adzawagwire dzanja. Achitenso chimodzimodzi ku Mangochi, ku Mulanje, ku Karonga. Majezi akhaleko a mtengo woti mayi wogulitsa mandasi angagulire mwana wake. Ndipo tikagonja, wina aziima n'kutiuza chimene chalakwika m'Chichewa chomveka, osati kumangoti tibwerera kukakonza zofooka. Mawu amenewo tinawaloweza.

Ine kwanga ndayambapo ndi zimene ndingathe. Sabata yatha ndinatsikira mu msika waukulu n'kugula mita imodzi ya nsalu yofiira, ndi tizidutswa takuda ndi tobiriwira ta m'khosi ndi m'manja. Jezi ya mdzukulu wanga ndadula kale, yatsala kulumikiza. Dzulo ndinamufunsa dzina loti tilembe kumsana, iye n'kuti aganize kaye, andiuza akaonera masewero akubwerawa. Ndiye mabatire aja ndawauza mayi kuti asawakhudze.

Telala wa pakhonde,
Chinamwali, Zomba